Wolawa Dothi wa ku Peräluoma

Tsiku limene ankaika maliro a mkulu Vihtori, a Aulis Kohtamäki anadya dothi la kumanda pamaso pa mudzi wonse. Sanachite dala. Anali ataima kutsogolo, pafupi ndi mulu wa dothi lofukulidwa, chipewa chili m'manja, nkhope yachisoni monga mwa mwambo. Abusa anali atathira kale mchenga pabokosi, ndipo anthu anali pakati pa nyimbo. Apo m'pamene dzanja la a Aulis linatsika lokha, n'kutsina kadothi pamuluwo, kukafikisa pakati pa zala, n'kukaponya m'kamwa. Anatafuna pang'ono ndi mano akutsogolo, maso ali m'mwamba ngati mayi wolawa mchere m'ndiwo. Nyimbo itangoduka, pamanda pali zii, aliyense anawamva akudziuza okha kuti, "Mchenga wabwino uwu. Agona pouma."

Akazi awo, a Impi, amati tsiku limenelo analakalaka dzenjelo likanakhala lokwana awiri. Abusa anatsokomola, ana a malemu anayang'anizana, ndipo pa khofi wa pambuyo pa maliro dzina la Vihtori silinamveke kwenikweni. Mwayi wake, mwana wamkulu wa malemu anadzawagwira dzanja a Aulis n'kuwathokoza, ati bambo ake anavutika ndi nyamakazi moyo wawo wonse, ndiye mawu akuti agona pouma anamutonthoza kuposa ulaliki. A Aulis anapulumukira pomwepo. Kunyumba kokha n'kumene mlandu unachedwa kutha.

Komatu imeneyo inali ntchito yawo, ndipo boma linkawalipira. Ofesi yoona za miyala ndi nthaka inadula dziko lonse la Finland m'zigawo, ngati mkate wa m'chitini, ndipo chisanu chikangotha inkatumiza anthu kuti akayende chigawo chilichonse wapansi, akaone chimene chili pansi pa udzu, n'kuchijambula pamapu. A Aulis anali mmodzi wa oyendawo. Zida zawo zinali ndodo yachitsulo yokhala ndi kamphako kunsonga, zithunzi za dziko zojambulidwa pandege, mapensulo amitundumitundu, nsapato zamphira zofika m'mawondo, ndi botolo la khofi. Ankabaya ndodo pansi, kuipotoza, kuizula, kuyang'ana dothi la m'kamphako, kupaka mtundu wake pachithunzi, n'kupita patsogolo kukabayanso. Thanthwe linali lofiira, mchenga wa m'zitunda wobiriwira ngati msipu, dongo labuluu. Udzudzu wa m'madambo onse a kumadzulo kuno unakulira magazi awo.

Munthu akalakwitsa n'kuwafunsa kuti kodi amafunafuna chiyani, ameneyo mbatata zake zinkapserera pamoto. Ankamufotokozera za chiayezi chija chinaphimba dziko lino kalekale, chimene posungunuka chinasiya katundu wake mbwee, ngati anthu ochoka paukwati. Apa chinataya miyala, mchenga ndi dongo zosakanikirana. Apo mitsinje ya pansi pake inaunjika mchenga m'zitunda zazitali ngati mizere ya mbatata yolima chimphona, ndipo n'chifukwa chake matchalitchi, manda ndi misewu yakale zili pazitunda. Kenako nyanja inadzagona pazigwa zonsezi n'kuyala matope ake isanabwerere kumadzulo. Ankanena za ayeziyo ngati mlamu wawo wosalongosoka amene amamukonda ndithu: anali wamphamvu, koma wosadziwa kusesa.

Chidwicho chinayambira m'munda wa bambo awo, umene unkabereka miyala kuposa mbatata. Chaka chilichonse ankaitola, chaka chotsatira chisanu chinkatulutsa ina. Atafunsa kuti amaibweretsa ndani, bambo awo anayankha kuti Satana, ndipo anawauza kuti atole msanga. Ndiye atakumana ndi munthu wa mapu amene anawapatsa yankho lina, anamutsatira osacheuka. Ngakhale a Impi anawapeza ndi ndodo yomweyo. Anali akubaya m'munda wa tirigu wa eni ake popanda kupempha, mtsikana wa pakhomopo n'kutuluka ndi chokokolera udzu kuti awathamangitse. Iwo m'malo mothawa anamuuza kuti munda wa bambo ake unali pansi pa nyanja. Mtsikanayo anati ngati ndi choncho asambire azipita. Chaka chotsatira anakwatirana.

A Impi anapirira zambiri. Anapirira mwamuna wosowa pakhomo nyengo yonse yotentha, wobwera atanyamula fungo la dambo. Anapirira matumba a malaya odzaza timiyala, ndi madzi ochapira osanduka chithaphwi. Chimene sanachipirire ndi chakudya dothichi. Anaika malamulo. Mumpanda wa tchalitchi, manja akhale m'matumba. Kunyumba za anthu, miphika ya maluwa asaiyandikire. Asanakhale pagome, ndiponso asanawayandikire iwo amene, atsukuluze m'kamwa. Mwana wawo Tuulikki anakula akumva kuti akangoyerekeza kutengera bambo ake, akamusiya ku nkhalango. Mtsikanayo anakula bwino, ndipo pano ali ku Sweden, amagwira ntchito m'nyumba yosanja imene ilibe ndi dothi lomwe.

A Aulis ankadziteteza modekha. Ankati nthaka zambiri maso amazidziwa, koma pali ziwiri zofanana ngati mapasa: dongo ndi hiesu, dothi lija losalala ngati ufa. Zikanyowa zonse n'zotuwa, zonse n'zoterera. Koma hiesu ndi wachinyengo. Chisanu chikalowa pansi amatukumuka n'kuthyola msewu, chikachoka amasanduka phala, nyumba n'kupendekeka. Wojambula mapu akapaka buluu pamene pafunika pepo, mtundu wa hiesu, ena adzamanga pabodza. Ndiye pamene zala zakayika, mano ndiwo amagamula. Dongo limasungunuka ngati batala. Hiesu amalira m'mano ngati masamba osatsuka bwino.

"Ndiye mukadzatha manowo mudzatafunira chiyani?" ankatero a Impi.

Iwo ankangoseka. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mano amene apera mchenga kuyambira paunyamata anafupika, anayamba kunyerenyesa ndi khofi, kenako anayamba kuwawa motsatizana ngati agwirizana. M'chaka chawo chomaliza pantchito, chisanu chili pakati, dokotala wa mano m'tauni anawayang'ana m'kamwa nthawi yaitali, n'kuwafunsa ngati amatafuna njerwa. Anazula otsalawo, n'kuwapangira oikirira, oyera mbee, ondondozana bwino ngati mpanda wa kwa abusa. Mudzi wonse unavomereza kuti a Aulis akongola. Mnansi wawo, a Sylvi Ojanperä, mayi wamasiye amene zenera lake limayang'ana msewu ndipo silinaphonyepo kanthu, anati tsopano Impi asamale, chifukwa nkhalamba ikamera mano atsopano imayamba kumwetulira pena paliponse.

Chaka chomwecho abwana awo anawachitira ulemu. Anawapatsa chigawo cha kwawo, cha Peräluoma, kuti atsanzikire ntchito pakhomo. A Aulis anali atachiyembekezera moyo wawo wonse. Anajambula midzi ya anthu ena mpaka kumpoto kwenikweni, koma kwawo pamapu a nthaka panali poyera. Tsopano munda wa miyala wa bambo awo, chitunda cha tchalitchi, dambo limene ankathyolako zipatso ali ana, zonse zinali zoti zipakidwa mitundu ndi dzanja lawo, dzina lawo n'kusindikizidwa pansi pake. Panali pangano limodzi lokha. Amalize nthaka isanaume ndi chisanu, chifukwa ndodo silowa m'nthaka youndana, ndipo chaka chamawa iwo adzakhala atapuma. Chotsala adzamaliza wina.

Mapiri, madambo ndi zitunda anathana nazo mwachangu, akuimba mluzu ndi mano atsopano. Vuto linayamba atatsikira kuchigwa cha mtsinje, kumene minda yonse ya mudzi ili, kumene dongo ndi hiesu zimalowerana ngati zala za manja opemphera. M'mawa woyamba anabaya ndodo, anatsina dothi, zala zinakayika, ndiye analiponya m'kamwa monga mwa masiku onse. Anatafuna. Sanamve kanthu. Anatafunanso mwamphamvu, koma zinali ngati akutafunira m'kamwa mwa munthu wina. Anapita pamalo amene ankadziwa bwino kuti ndi dongo lenileni, anakalawa, kenako pamene ankadziwa kuti ndi hiesu. Zonse zinali chimodzimodzi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula manowo, kuyesa ndi nkhama zokha. Anangopeza zilonda.

Akanatha kutumiza dothi ku ofesi kuti akaliyeze ndi makina, koma kumeneko amalandira timatumba tochepa, ndipo yankho limabwera chipale chofewa chitagwa kale. Malire a nthaka ziwirizi amafuna kubaya ndi kulawa malo osawerengeka. Akanathanso kungolota, n'kulemba mzere pamene mtima wawauza. Palibe akanadziwa, mwina mpaka msewu wina utadzathyoka iwo atagona kale kumanda pachitunda paja. Pensulo ankaitenga, kuiyandikizitsa pachithunzi, n'kuibweza m'thumba. Kunamiza mudzi wa eni ake akanachita manyazi, nanga mudzi wawo womwe?

Sanauze munthu. M'mawa uliwonse ankanyamula mkate wakuda ndi khofi, kukwera galimoto yawo ya Lada, kutsikira kuchigwa, n'kukaiimika kuseri kwa kankhokwe ka udzu komweko. Madzulo ankabwera ali duu, chakudya osachimaliza. Masamba a mitengo anayamba kuchita chikasu. A Impi anaganiza kuti ndi chisoni cha kupuma pantchito, ndipo anawonjezera batala m'phala.

Amene anabweretsa nkhani ndi a Sylvi. Anabwera ngati odzabwereka shuga, anakhala pansi osauzidwa, anayamikira mkate wotsekemera, kenako anati iwo si munthu wolowerera za m'banja la eni, koma Lada ija yakhala ikugona malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ndipo kankhokwe kameneko, ngati Impi waiwala, kali panjira yopita kwa Rauha, amene mwamuna wake anamwalira chaka chatha, ndipo wayamba kupiringa tsitsi. A Impi anayankha kuti mwamuna wawo mkazi angamuone pokhapokha atadzola dongo. Anawaperekeza mpaka pakhomo mwaulemu. Chitseko chitangotsekeka anavula epuloni, n'kukwera njinga.

Anawapeza a Aulis kuseri kwa kankhokweko, atakhala pamwala, okhaokha. Pabondo lina panali timibulu ta dothi tondondozana. M'dzanja munali mano, akumwetulira okha padzuwa. Mwini wake masaya anali atalowa m'kati, ndipo ankaoneka wokalamba kuposa mmene a Impi anawaonerapo.

"Rauha ali kuti?" anafunsa a Impi, akupuma mwawefuwefu.

"Rauha wake uti?"

"Basi, zisiyeni. Bwezerani manowo m'kamwa, mukuopseza akhwangwala. Ndiye mundiuze chimene mukuchita pano."

Anawabwezera, n'kuwauza zonse, maso ali pa timibulu tija. Anati chigwa chonse chikadali choyera, ndipo chidzamalizidwa ndi munthu wina, mwina wochokera kum'mwera, woti sadziwa n'komwe kuti Peräluoma amatchulidwa bwanji. Anati palibe kanthu, mapu ndi mapu. Ananena kawiri kuti palibe kanthu.

A Impi anayang'ana timibuluto, njinga ili m'manja. Iwotu anagwira ntchito zaka zambiri kumalo opangira batala, ndipo kumeneko ankadziwika kuti kamchere kamodzi kosasungunuka sikangadutse m'mano mwawo. Mano awo onse anali eni ake, ndipo ankanyadira zimenezo pamsonkhano uliwonse wa amayi. Anatsamiritsa njinga kukhoma, anasuzumira kumsewu, anasuzumiranso mbali inayo.

"Kabwino ndi kati?" anatero.

"Palibe kabwino, mayi a Tuulikki. Ndi dothi."

"Patseni kuno. Ndipo mukadzauza munthu, mudzagona m'kanyumba kosambira ka sauna mpaka imfa."

Anatsina kachidutswa kochepa ngati kambewu, anatsinzina ngati akumwa mankhwala, n'kuluma ndi mano akutsogolo. Analavula, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti kameneka kali ngati ufa wosefa mkazi waulesi. A Aulis anawapatsa kachiwiri. Kameneko anati n'kosalala, kakusowa mchere basi. A Aulis anaimirira pang'onopang'ono, dothi lonse la pabondo n'kugwa, chifukwa koyambako anakatenga pamene ankadziwa kuti ndi hiesu, kachiwiri pa dongo. Anafuna kuwakumbatira. A Impi anawakankha, ati ayambe atsukuluza onse awiri.

Kuyambira tsiku limenelo Lada inkanyamula anthu awiri. A Impi anaika malamulo atsopano. Azilawa kuseri kwa tinkhokwe kapena m'ngalande, kumene maso safika. Munthu akatulukira, iwo akuthyola zipatso, ndipo ankayenda ndi ndowa yochitira umboni. Pakati pa kulawa kulikonse pakhale khofi. Pamunda umene wathiridwa ndowe posachedwa, boma lidzilawire lokha. A Aulis anavomera zonse, n'kumabaya ndodo mozama kuti akazi awo azilandira dothi laukhondo la pansi, limene munthu sanalikhudzepo chichokereni nyanja.

Sipanatenge nthawi, wothandiza anasanduka bwana. A Aulis akalemba mzere, a Impi ankati wakhota molakwika, abwerere akabayenso pafupi ndi mtengo uja. Anayamba kusiyanitsa hiesu wokhakhala ndi wosalala, n'kumadandaula kuti mapensulo ndi ochepa. Ankakangana m'ngalande ngati achinyamata, mpaka ng'ombe kumabwera kudzaonerera. Tsiku lina ndodo inatulutsa kachigoba koyera ka nkhono ya m'nyanja, pakati pa munda uja wa bambo a Impi, kumene nyanja ili kutali ulendo wa galimoto. A Impi anakayang'ana nthawi yaitali pachikhatho. Anati kani nkhani ija inali yoona, iwo ankayesa ndi mawu ofunsirira mbeta. Anakakulunga m'kampango n'kukaika m'thumba la malaya, momwe muja ankaletsa timiyala.

Buluu ndi pepo zinayamba kudzaza chigwa, munda ndi munda, kutsata mtsinje. Komanso m'mawa munayamba kuzizira. Atsekwe anadutsa kupita kum'mwera, udzu unayamba kudzuka utachita mbuu, ndipo pamwamba pa nthaka pankachita kakhungu kolimba kamene ndodo inkayamba yagogoda isanalowe. Za ndowa ija, anthu anali atayamba kale kudabwa kuti zipatso zake n'zotani zomera m'ngalande za tirigu, zoti munthu athyole mwezi wathunthu ndowa osadzaza. Koma palibe anali ataona ndi maso, ndipo a Impi ankalowabe m'tchalitchi khosi lili chilili.

Malo amene anatsala ndi amene onse awiri ankawazemba osauzana: munda wa mbatata wa a Sylvi. Malire a dongo ndi hiesu ankalowa m'mundamo mbali ina n'kutulukira mbali ina, koma pakati pake ankadutsa pati, palibe ankadziwa. Mundawo unalibe kankhokwe, unalibe ngalande, unalibe ndi chitsamba chomwe. Unali tambalale pansi pa zenera lija. Anadikira kuti mwina a Sylvi apita kutauni, koma a Sylvi sapita kutauni pamene m'mudzi muli nkhani yosamveka bwino. Kenako wailesi inalengeza kuti kukubwera chisanu choopsa kuchokera kumpoto, ndipo chikhalitsa.

M'mawa mwake a Aulis anaima pakhomo ndi ndodo yawo, n'kunena kuti kamunda kamodzi si kanthu. Akhoza kulumikiza mzerewo ndi maso, palibe angawaimbe mlandu. Kapena akhoza kukumba dothi n'kubwera nalo kunyumba mobisa, ngakhale kuti zikatero ayenda maulendo ambiri, ndipo dzuwa la masiku amenewo silichedwa kulowa. Anati a Impi achita kale zoposa zimene mkazi wa munthu angachite, ndipo ulemu wawo m'mudzi si chinthu chotayira m'munda wa mbatata.

A Impi anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Chigwa chonsechi ndadya ine," anatero. "Ndiye pomaliza penipeni mukalembe bodza? Mapu anga amenewo?"

Anavala chikhoti chawo chabwino, cha kutchalitchi, n'kumanga mpango watsopano. Ndowa anaisiya. Anadutsa msewu ali patsogolo, amuna awo akutsatira ndi ndodo, ndipo atafika pansi pa zenera anagogoda pagalasi n'kupempha mokweza ngati angalowe m'munda pa ntchito ya boma. Katani inagwedezeka. Posakhalitsa a Sylvi anatuluka atafunda shawelo, n'kudzaima pamalire a munda, manja atapinda pachifuwa.

A Aulis anagogoda kakhungu ka chisanu, ndodo inalowa. Anazula, anatsina dothi, n'kupereka kwa akazi awo. A Impi analandira ngati akulandira mkate kwa alendo, analuma osatsinzina, anayang'ana kumwamba, n'kunena momveka kuti dongo. Anasuntha, anabayanso. Dongo. Pafupi ndi mulu wa masangwi a mbatata anatafuna kanthawi, n'kunena kuti apa layamba kulira. Anabwerera pang'ono, anapita chakumtsinje, anatsata malirewo mpaka kumpanda, osacheukira kumene kunali a Sylvi ngakhale kamodzi. A Aulis anagwada, anaika chithunzi pabondo, analumikiza mzere womaliza, n'kupaka buluu mbali iyi, pepo mbali inayo. Atamaliza anakhalabe chogwada, akuyang'ana Peräluoma yense atavala mitundu, popanda poyera ngakhale pamodzi. Anatulutsa kampango n'kumina nthawi yaitali, ati ndi mphepo.

A Impi anatsukuluza m'kamwa ndi khofi, analavulira kumbali mwaulemu, anakonza mpango wawo, kenako anatembenuka n'kuyang'ana mnansi wawo m'maso, kudikira.

A Sylvi anayang'ana mkazi, anayang'ana mwamuna, n'kupukusa mutu.

"Impi, zaka zonsezi ndakhala ndikukumvera chisoni kuti unakwatiwa ndi wamisala. Kani munapezana. Mukamachoka munditsekere mabowo mwabayawo."